Dzina la Amayi Likubwerabe pa Foni

Nsaru,
Lilongwe.
9 Juni 2023

Okondedwa achemwali a Felista,

Ndisanafunse n'komwe za moyo wa ku Mzuzuko, pali zofunika tigwirizane: tsiku lomanga chiliza cha amayi, munthu woti azigona kwa abambo nyengo yozizirayi, ndi nkhani ya mauthenga a pafoni. Zoyambazo zikhoza kudikira. Yomalizayi yandisowetsa mtendere.

Mukudziwa kuti pulogalamu ya bungwe lathu yokumbutsa odwala BP ndi shuga za mankhwala ndinalemba ndine. Alangizi a zaumoyo amayenda m'midzi ndi m'maesiteti a fodya kulemba za odwala m'mafoni. Akapeza netiweki, pulogalamuyo imanyamula onse mtolo umodzi n'kukatula m'nkhokwe ya pakompyuta, momwe aliyense ali ndi chikalata chake. Lamulo lake n'limodzi: ukampeza munthu, konza zake, ukapanda kumpeza, mlembe ngati watsopano. Ndinaliyesa mobwerezabwereza, mumandidziwa.

Titaika amayi mu Febuluwale, ndinafufuta chikalata chawo kuti abambo asavutitsidwe, poti nambala imene amayi anapereka ndi ya abambo. Koma m'foni ya a Dailesi, mlangizi wa kwathu ku Nambuma, amayi analimobe. A Dailesi anaphika nawo pamaliro paja, kungoti m'fonimo sindinaikemo polemba kuti munthu wamwalira. Atatumiza mtolo wawo, pulogalamu inawafuna amayi, sinawapeze, n'kuwalembanso. Ndikafufuta, amabwerera. Lachinayi lililonse uthenga umafika: "Mayi Benedeta Saulosi, musaiwale kumwa mankhwala anu. Dzisamalireni."

Si ife tokha. Mayi wina wa ku Mulanje, tenanti pa esiteti ina kufupi ndi Kabudula, anafika ku ofesi foni ili m'manja. "Amuna anga ndinawaika ndekha kuno kuchilendo. Mukundiseka eti?"

Njira ndaipeza. Wakufa safufutidwa. Chikalata chake chizikhalapo, ndizilembamo kuti "anamwalira", ndipo pulogalamu ikachipeza izichilambalala. Ena onse ndawalemba kale.

Lamulungu ndinapita kukapepesa kwa abambo. Ndinawapeza pakhonde akusenda mtedza uja anadzala amayi.

"Ndiye ukufuna kutseka, iwe Ignatius?"

"Inde abambo, n'kulakwitsa kwa makina."

"Makina akowo ali ndi umunthu. Ku mphakati amangoti malemu. Inu ana mumangoti malemu. Amene akutchulabe kuti Benedeta ndi okhawa."

Anandionetsa foni. Sanafufute ngakhale umodzi. A Dailesi akuti Lachitatu lililonse abambo amakaitchajitsa kugolosale, n'kuikulunga m'kampango ka amayi.

Achemwali, chikalata cha amayi chokha ndicho chatsala. Ndikachisiya, mankhwala awo aziikidwabe padera mwezi ndi mwezi, pamene odwala ena akubwezedwa chimanjamanja. Abwana a kuntchito andipatsa mpaka Lachitatu, ndipo sakulakwa. Liwu lija ndimalilemba, n'kulifufuta, n'kulilembanso. Dothi ndinaponya m'manda osanjenjemera, koma apa chala chikukana.

Pempho langa ndi ili. Ndikatseka, Lachinayi foni ija isakhale chete. Muziwaimbira m'mawa, ine ndizipita madzulo ndikaweruka. Ndipo ngakhale sitinaleredwe kutchula dzina la kholo, mukamacheza nawo muzilitchula. Ine ndinayesa Lamulungu lija, lilime linalemera. Mwina inu mungathe, ndinu oyamba kubadwa.

Mundiperekere moni kwa alamu a Luka ndi ana. Abambo akusungirani thumba la mtedza uja. Akuti musaukazinge wonse, wina mudzadzale.

Chonde yankhani msanga, Lachitatu lisanafike. Sindikufuna kulemba liwu limeneli ndili ndekha.

Ndine mlongo wanu,
Ignatius