Zingwe Ziwiri Zosowa pa Munda wa Mpunga

Amayi, kodi kumene muliko mukukhala bwanji?

Lero yakwana miyezi isanu ndi itatu ndi masiku anayi chikuikireni m'manda. Mng'ono wanga Esinati anachira Lachisanu lachiwiri la mwezi watha, mwana wamkazi, makutu ndi anu enieni. Nandolo tapeza matumba atatu ndi ndowa imodzi. Denga la khitchini sitinafolerebe.

Koma chandigwiritsa cholembera ndi munda wanu wa mpunga wa ku Chilwa. Amalume anatigawira ine ndi Esinati osaponda pansi n'komwe. Anandikweza pa njinga yawo yamoto n'kudutsa nane m'mbali mwa munda, akuloza ndi chibwano kuti malire ndi pa chulu paja, mbali ziwirizi n'zofanana. Mphepo inali m'maso. Nditapempha kuti tiime, anati akuchedwa kumsonkhano wa kutchalitchi.

Ndinakumbuka ulendo wathu wa pa lole wopita ku Fort Lister ndili mwana, ndikulira kuti phiri la Michesi likutitsatira pamene mitengo ikuthawa. Munaseka, munati phiri silinasunthe, maso a munthu wokwera ndi abodza, munda amauona ndi mapazi.

Tsono Lolemba ndinapitako wapansi. Nditaima pa chulu, mbali yanga inaoneka yaing'ono. Ya Esinati inali yotentha kale, mbee mpaka kutali, yanga yodzaza udzu wofika m'chiuno. Ndiulule, Amayi: sabata yathunthu sindinamulankhule mwana wanu, poganiza kuti anapangana ndi amalume. Ngakhale madzi sindinamutungire, iye ali ndi khanda m'manja.

Lamulungu ndinapeza kudenga chingwe chanu chija munkayesera munda, cha mfundo kumapeto. M'mawa mwake ndinakayesa kawiri. Yanga zingwe zisanu ndi zinayi. Ya Esinati zisanu ndi zinayi. Maso anandinamiza ndili chiimire, ndipo ndinachita manyazi ndekha m'dambomo.

Komatu zisanu ndi zinayi kawiri ndi khumi ndi zisanu ndi zitatu. Chaka ndi chaka ndinkagwira mbali ina ya chingwechi inu mukuwerenga mokweza, ndipo zinkakwana makumi awiri. Ziwiri zapita kuti? Mzere wa nsenjere wa kumalire ndi munda wa amalume ndi wanthete, dothi lake ndi latsopano. Pa njinga paja, pamenepo ndi pomwe anawonjezera moto.

Amalumewo sindinawafunse kanthu, ndi alongo anu. Dzulo ndinatula mtolo wa nkhuni kwa Esinati, ndinapepesa, ndinamuuza zonse. Loweruka ndiwaitanira amalume kumunda. Njinga akaisiye pamsewu, mbali inayo ya chingwe akagwire okha, ine ndiziwerenga mokweza monga munkachitira.

Ndikulonjeza, Amayi, chaka chino mpunga tidzala mpaka pa chingwe cha makumi awiri.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Felesiya