Diso losokera nsapato

Lachiwiri, 4 Malichi
Kuchipatala cha maso. Mwana wanga wamkazi wachita kundikoka ngati mbuzi. Adokotala ake msinkhu wa mdzukulu wanga. Akuti madzi a m'maso mwanga satuluka bwino, akufinya mtsempha woonera. Lakumanzere linafa kale, ndikudziwa. Lakumanja ndi limene ndimasokera nsapato. Kabotolo kochepa ngati chala, palembedwa timolol. M'mawa dontho, madzulo dontho, maso onse. Kulankhula kothamanga, nkhope kwa mwana wangayo. Ine ngati mpando.

Loweruka, 15 Malichi
Kuwawa ngati sopo. Ndikadontheza, chifunga kwa kanthawi, singano osaiona. Mtima wayamba ulesi, ukugunda mokakamiza. Masitepe atatu a kwa ometa tsitsi, ine wefuwefu. Kuona? Chimodzimodzi. Mankhwala anji amene amadwalitsa munthu wobwera yekha ndi miyendo yake?

Lachinayi, 27 Malichi
Ndaganiza mofatsa. Zaka makumi anayi pabenchi, sindinamatepo guluu nsapato yabwino. Umamata yong'ambika. Lakumanja likuona, ndilizunzirenji? Kuyambira lero madontho onse m'lakumanzere, mwina lidzuka. Mwana wanga sindimuuza. Iye nyimbo ndi imodzi: "Bambo, tsekani benchi mubwere kwathu." Kwathu kuti? Pakhonde pa mkamwini, kuyedzamira khoma ngati tsache.

Lolemba, 12 Meyi
Ntchito ikuyenda, chifunga palibe. Koma anthu a masiku ano mwano. Wina kuimika njinga kumanja kwanga, ndaiomba ndi bondo. Mayi wogulitsa malasha akuti anaima pambali panga nthawi yaitali ndi nsapato m'manja, ine osamulonjera. Wofuna moni amaima kutsogolo.

Lachiwiri, 10 Juni
Kuchipatala. Ayeza, ayezanso. Andifunsa mmene ndimadonthezera. Ndafotokoza bwinobwino, za guluu zomwe. Adokotala avula magalasi. Lero ndiye ayang'ana ine. "Agogo, mankhwalawa sadzutsa diso. Amalondera lotsalalo." M'mbali mwa lakumanja mwadyeka, ndipo chodyekacho sichibwerera. Za mtima akuti ndikananena msanga, ndizitsina pakona pa diso ndikadontheza.
Bwanji adokotalawo osanena zimenezi m'Malichi? Mwana wanga akuti ananena. Ananena kwa iye. Maso ndi a ndani?

Lachisanu, 13 Juni
Dontho m'lakumanja. Ndatsina pakona, ndadikira chifunga chichoke. Ulusi walowa m'singano ulendo wachinayi.
Mwana wanga wafika ndi makatoni awiri olongedzera zida zanga. Ndamuuza adikire, nsapato ya aphunzitsi yatsala chidendene. Ndasoka, ndakhoma, ndapukuta, mawu aukali ndikuwakonzera m'kamwa. Ndimayesa wapita kukaitana mkamwini.
Potembenuza mutu kufuna nyundo, mwana wangayo ali pompo pabenchi kumanja kwanga, phewa lake pafupi kukhudza langa. Nkhope yonse misozi. Akuti wakhala pamenepo chiyambire.