Tadala wakuwa m'Chichewa

Lachitatu madzulo, pahotela kuno kumapiri a Alps.

Thupi lonse likuphwanya, koma mtima uli m'malo. Mwana wanga Tadala ndiye anakakamira ulendowu, akuti ndipumeko mashifiti a kuntchito ku Leicester komwe timakhala. Chibadwireni ndikamuyankhula Chichewa amayankha Chingerezi, mpaka ndinatopa n'kudandaula.

Lero amaphunzira kutsetsereka pa sinowo ndi timatabwa tawo tija. Ine ndinaima kumunsi, chitenje pamwamba pa jekete ngati wopita kumaliro. Ndangoona mtsikana wangayo akubwera chaliwiro, mabuleki palibe. Wakuwa, "Amayi, ndigwireni!"

Tagwera limodzi azungu akuonerera. Ine kuseka, misozi ili mbwembwembwe. Kani Chichewacho chilimo ndithu m'mutumo!

Panopa wagona, masokosi osavula. Mawa pa tiyi ndimufunsa m'Chichewa kuti wadzuka bwanji, kenako ndidikira yankho...