Galaja ya ku Msongwe yatha, Adada

STANFORD YONA LONGWE
Anabadwa pa 3 Ogasiti 1961, anatisiya pa 9 Epulo 2019

Adada, lero zakwana zaka zisanu chitisiyireni. Mvula ya Epulo yabwera kasanu n'kupita kasanu, koma mitima yathu sinaume. Ndine Temwani, mwana wanu woyamba, ndipo ndikulemba m'malo mwa Amama, a Dinah nyaManda, ndi alongo anga Gracious ndi Fiskani. Zaka zonsezi chikumbutso chanu cha m'nyuzipepala chimakhala cha mizere isanu basi. Chaka chino Amama alamula kuti chitalike, chifukwa pali nkhani imene ndakhala ndikubisa. Ikukhudza mng'ono wanu, adada ang'ono a Fyson, amene dzina lawo sitinalilembepo n'kamodzi komwe pansi pa chithunzi chanuchi. Tinawataya popanda mlandu, ndipo wolakwa ndinali ine.

Koma ndiyambe ndakupatsani moni, monga munatiphunzitsira. Pachithunzipa mwavala jekete ndi tayi, mwachita kuuma khosi ngati wina wakuuzani kuti mukapuma kamera iwonongeka. Ife sitikukumbukani choncho. Timakukumbukani muli mu ovolosi ya buluu yong'ambika pabondo, mutatsamiritsa sikuludiraiva pa injini, chigwiriro chake chili kukhutu kwanu, mukumvetsera ngati dokotala. Mwini galimoto akamalongolola, inu munkangokweza chala kuti akhale chete, galimoto inene yokha vuto lake. Munkaimba nyimbo za m'tchalitchi mwa likhweru, ndipo kunena zoona, Adada, palibe ndi imodzi yomwe imene munkaiimba molondola. Amama ankati mukadzalowa kwaya ya kumwamba adzakupatsani ntchito yonyamula mabuku. Munkaseka mpaka kutsokomola.

Makope athu a kusukulu munkawagwira ndi pepala la nyuzi kuti asade ndi girizi, koma simunadumphe tsamba. Fiskani akafuna kumenya nati yokana kumasuka, munkamugwira mkono n'kunena kuti: “Nati ikakana usaimenye, mwana wanga. Ithire oilo, uidikire.” Mawu omwewo munkatiuza tikakangana, munkawauzanso Gracious atatsala pang'ono kusiya sukulu. Lero Gracious akuphunzitsa pa sukulu ya ku Geisha, ndipo ana ake a m'kalasi amawadziwa mawuwa ngakhale sanagwirepo sipanala.

Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi zitatu munakonza magalimoto pansi pa mtengo m'mbali mwa msewu, mvula ikamagwa mutadzifunditsa tenti. Zaka zomwezo tinakhala m'nyumba ya lendi ku Masasa, m'munsi mwa chitunda, momwe madzi ankalowera khomo lakumbuyo n'kutulukira lakumaso ngati kwawo. Amama ankakweza mphasa ndi matumba pamwamba pa tebulo, osadandaula. Inu ndi amene zinkakuwawani. Mutapeza puloti ku Msongwe munajambula maloto anu onse kuseri kwa pepala la thumba la simenti: pansi galaja yaikulu, ya khomo lalitali loti lole ilowe osaweramitsa mutu, maenje awiri ogwiriramo ntchito pansi pa galimoto, kachipinda ka zitsulo, pamwamba pake nyumba ya zipinda zitatu ndi khonde. Anthu ankaseka, amati a Longwe akufuna kugoneka akazi awo pa utsi. Amama nawo ankafunsa ngati iwo asanduka nkhunda. Inu munkangoti: “Dinah, ndikukweza pomwe madzi safika. Ukadzamva nyundo yasiya kulira pansi, udzadziwa kuti ndikukwera kudzamwa tiyi.”

Zinatenga zaka zisanu ndi chimodzi kuti makoma afike pamwamba. Pa 29 Malichi 2019 munathira silabu, denga la konkire lija limene linali loti likhale pansi pa nyumba ya Amama. Amisiri anakuuzani kuti mudikire chilimwe, inu munati mvula ya ku Mzuzu ithirira yokha konkireyo, mwaulere. Pansi pa silabu panaima mapolo a bulugama oposa mazana awiri, ochirikiza matabwa mpaka simenti itagwira. M'galajamo munali ngati m'nkhalango. Munatenga khala n'kulemba pakhoma tsiku lochotsa mapolowo, 26 Epulo, ndipo munandiitana ineyo kuti ndiwerenge. Munati tsikulo lisanafike asakhudze munthu, ngakhale polo imodzi. Ndinamva bwinobwino, Adada. Sindinganame kuti simunandiuze.

Patangopita masiku khumi ndi limodzi munagwa pabwalo la galaja yomweyo m'mawa, mukuyendera ntchito yanu. Pofika masana kuchipatala anatiuza kuti mwapita.

Nyumba ya ku Masasa inali yaing'ono, bwalo lake lili matope okhaokha, choncho akuluakulu anagwirizana kuti anthu asonkhane ku galaja tisananyamuke nanu kupita kwanu ku Chintheche. Anthu anabwera, Adada. Madalaivala a minibasi, a mpingo, a ku Masasa, a ku Msongwe, onse anadzaza pakati pa mapolo aja kubisala mvula. Tsiku lotsatira, cha m'ma teni koloko m'mawa, amayi ophika anandipeza. Nkhuni zimene zinabwera zinali zonyowa, zikungofuka, ndipo anthu mazanamazana anali asanalawe kanthu. Amama anali ali chigonere pamphasa, sakumva za munthu. Mutu ukakula sulewa nkhonya: aliyense wofuna mchere, wofuna mpando, wofuna chilichonse, ankafunsa Temwani. Ndinayang'ana uku ndi uku. Mtengo wouma pamalo onsewo unali mapolo anu okha. Ndinaganiza kuti pa mazana awiri, khumi ndi awiri sangadziwike. Ndinaloza ndi dzanja langa ili pakona yakumbuyo, ndinati achotse pamenepo.

Adada ang'ono a Fyson anafika masana kuchokera ku Chintheche. Sanakhale n'kukhala pansi komwe. Atangolowa anakweza maso, anaona mpata uja, anaona matabwa atayamba kuwerama ndi mng'alu ukuyenda m'konkire. Anakuwa kuti aliyense atuluke. Anthu atazengereza, anayamba kuwakankha, amayi okalamba ndi abusa omwe, kuwatulutsira pamvula. Anathamangira m'kachipinda ka zitsulo, anathyola loko, anatulutsa majeki anu atatu a malole. Anakasolola pamoto mapolo amene anali asanapse kwenikweni, n'kuwaimika pa majekiwo, n'kupopa okha mpaka matabwa anasiya kulira.

Koma anthu sanaone zimenezo. Chimene anaona ndi munthu amene wathamangitsa olira pamaliro a mkulu wake, wathyola loko wa zitsulo mtembo usanaikidwe, ndipo wanyamula mapolo m'manja. Pakamwa pa anthu simupadziwa inu? Dzuwa lisanapendeke nkhani inali itamveka kale kuti a Fyson ayamba kulanda katundu, ndipo ndi iwo anagwetsa mapolo kuti nyumba iwonongeke, mayi wamasiye agulitse puloti motchipa. Amayi ophika aja anachita mantha, anatseka pakamwa. Mmodzi yekha ndi amene anawanong'oneza adada ang'ono dzina la amene analoza. Iwo anatembenuka, anandiyang'ana kamodzi, kenako anayang'ana pansi. Ine ndinaima pomwepo, chitenje chili chonyowa, osatsegula pakamwa.

Titakuikani ku Chintheche, Amama analankhula pamaso pa abale onse kuti a Fyson asadzapondenso pa puloti ya ku Msongwe iwo ali moyo. Adada ang'ono anangoti: “Yewo, mlamu, ndamva.” Sanadziteteze. Munthu amene munagona naye mphasa imodzi, amene anakumba nanu maziko a galajayo sabata zitatu osalandira kanthu, anachoka pamanda panu ngati wakuba.

Ndinkati ndinena mwezi wamawa, Amama akapezako mphamvu. Mwezi unasanduka chaka. Ndinkaopa, Adada. Ndinkaopa kuti Amama akadziwa kuti amene anawononga nyumba yawo ndi mwana wawo, sadzandiyang'ananso kumaso. Injiniya amene tinamuitana anati kona yonse ija iswedwe, ithiridwenso mwatsopano, ndipo pamwamba pasaikidwe njerwa mpaka zitatheka. Ntchito imene mukanaimaliza chaka chimodzi inatitengera zisanu. Mvula zisanu zimenezo Amama anazithera ku Masasa, akukolopa madzi ndi chiguduli, ndipo nthawi iliyonse akafinya chigudulicho ankatchula dzina la a Fyson mowawidwa mtima. Ine ndinkawathandiza kufinya. Ukwati wa Gracious unachitika adada ang'ono osaitanidwa. Mkazi wawo atamwalira chaka chatha, ife sitinapite kukalira. Chimenechi ndiye chimandidya kuposa zonse.

Fiskani ndi amene watola sipanala zanu. Anatsegula galaja mbali imene inali yabwino, ndipo pang'onopang'ono, thumba la simenti lero, zitsulo mawa, tinakwera. Galaja yatha, Adada. Lole ikulowa monga munanenera. Pamwamba pali zipinda zitatu, malata ofiira, ndi khonde loyang'ana kumsewu. Masitepe tawapanga otambalala, a chogwirira mbali zonse, chifukwa mawondo a Amama sakhalanso monga munawasiyira.

Mwezi wathawu injiniya uja anabwera kudzaona komaliza. Akutsika, anaima pakona ija n'kuwauza Amama mwa nthabwala kuti amene anaika majeki tsiku lija amuthokoze mpaka kale, chifukwa konkire inali isanagwire, ndipo pakanapita ola lina mbali yonseyo ikanagwera anthu. Anati maliro akanakhala makumi angapo. Injiniya atapita ndinagwada pa simenti pomwepo, pafupi ndi dzenje la magalimoto, ndipo ndinanena zonse.

Amama sanandimenye, sanakuwe. Bwenzi zili bwino akanatero. Anakhala pa tayala. Kenako anati: “Temwani, zaka zisanu ndakhala ndikutemberera munthu amene anandipulumutsa. Iwe uli pambali panga.” Masiku anayi sanandilankhule. Tsiku lachisanu anandiitana, anati kiyi wa nyumba ya pamwamba iwo samugwira, ndipo sitepe ngakhale imodzi sakwera, mpaka mlamu wawo atabwera kudzatsegula yekha chitseko. Anatinso popeza manyazi tinawachititsa pagulu, kupepesa kwake kukhalenso kwa pagulu, pamaso panu ndi pamaso pa onse amene anali pamaliro paja.

Ndiye onse amene munabwera ku Msongwe pa 10 Epulo 2019, amene munanyowa ndi mvula tsiku lija n'kupita kwanu mukunena zoipa za a Fyson Longwe, imvani. Sanalande kanthu. Sanagwetse polo ndi imodzi yomwe. Amene analamula kuti mapolo achotsedwe ndine, Temwani Longwe. Iwo ndi amene anachititsa kuti mubwerere kwanu amoyo.

Lamlungu lapitali tinapita ku Chintheche, Amama ndi ine. Tinawapeza akukhoma mpando pakhonde, okhaokha. Akalamba, Adada. Imvi zadzaza, ndipo akamayenda amapendekera kumanzere monga munkachitira inu, moti Amama atangowaona anayamba kulira tisanafike n'pakhomo pomwe. Anatilandira ngati tinasiyana dzulo, anatipatsa mipando, anafunsa za ulendo ndi za ana. Amama anatsika pampando n'kugwada pa dothi. Ine ndinagwada kumbuyo kwawo. Zimene tinanena sindingazilembe zonse, zambiri zinali misozi. Pomaliza Amama anawafunsa chifukwa chimene anakhalira chete zaka zonsezi, pomwe ankadziwa chilungamo kuyambira tsiku loyamba.

Anayamba apukuta m'maso ndi chipewa. Kenako anati: “Mlamu, mwanayu anali atataya kale adada ake dzulo lake. Ine ndikanamulandanso amama ake? Ine ndinali ndi msana wosenzera. Iye analibe.”

Adada, ameneyo ndiye mng'ono wanu amene tinamutsekera kunja.

Avomera kubwera Loweruka likudzali. Sanafune kuti tiwatumizire galimoto, ati akwera minibasi monga kale. Amama akonza katundu wawo ku Masasa, wamangidwa kale m'zitenje, akungodikira. Chipinda chimodzi mwa zitatu zija sitiikamo kanthu kathu, ndi cha adada ang'ono, abwere kudzakhala kapena azingofikiramo. Ine sindikudziwa ngati ndidzadzikhululukire. Maliro a mkazi wawo sitingawabwezere, ngakhale zaka zisanu zimene anadya Khirisimasi popanda ife. Chimene ndikupempha n'chakuti inunso, kumene muliko, mundikhululukire chifukwa chosamvera mawu anu, ndiponso chifukwa chokhala chete.

Tikukusowani chomene. Amama akukusowani m'mawa uliwonse. Gracious ndi Fiskani akukusowani, pamodzi ndi adzukulu anu awiri amene amangokudziwani pachithunzi. Ndipo pali wina amene wakhala akukulirani yekha kwa zaka zisanu, popanda womupepesa. Lero tikumulemba pamalo pake.

Pumani mumtendere, Adada. Malinga tili ndi mpweya, dzina lanu silidzachoka pakamwa pathu.

Ndife okulirani: mng'ono wanu Fyson Longwe, mkazi wanu Dinah nyaManda, ana anu Temwani, Gracious ndi Fiskani, ndi adzukulu.