Dzenje la a Marko

22 Setembulo 2024, Mualadzi
Ndasuzumira m'nkhokwe m'mawa, chimanga chatsala theka. Mbewa yake ndikuidziwa, ili ndi imvi, ndinakwatiwa nayo. A Marko ayambanso. Masankho akangoyandikira, matumba pa njinga, ulendo ku phiri kukakwirira m'dzenje lawo. Chibwerere ku Zambia amatero. Nkhondo inatha kalekale, koma iwo ngati palibe anawauza. Ndi bondo lotupa lija!

29 Setembulo
Ndawakalipira pochokera ku misa. Pafupi ndi nyumba ndiye akuti, "Ernestina, aja anatitenthera nkhokwe sanayambe atumiza uthenga." Ndinalipo, ndili wongokwatiwa kumene. Chimanga cha m'dzenje lomwelo ndicho tinkakazinga m'njira mpaka kuwoloka pa Cassacatiza. Komabe, abale, mpaka liti?

6 Otubulo
Mwana wathu Osvaldo waimba foni kuchokera ku Tete, kumene amanyamula anthu pa njinga yamoto. Ndamunenera bambo ake. Kuseka kwake! "Ababa, dziko linasintha, anzanu akugulitsa chimanga pa foni, inu mukadakumba maenje?" Uyu anabadwira ku msasa wa othawa nkhondo chaka chimene mfuti zinaleka kulira, angadziwe chiyani. A Marko akuti mwana wopanda mwambo. Koma foni sanafune kundibwezera.

9 Otubulo
Tavota. Dzuwa loswa mtengo. Pamzere tinali ndi a Gaspar, aja pa nkhondo anali mbali inayo, lero akugawana fodya ndi a Marko, nkhani zawo za mbuzi. Amuna anga avotera m'nsapato zolimba, ati mwina n'kuthawa. Ndati muthawa bwanji inu, ngakhale nkhuku ikhoza kukupitirirani. Aseka mpaka kutsokomola. Ndimawakonda munthu ameneyu, ngakhale amanditopetsa.

31 Otubulo
Mitambo kum'mawa. Mvula ikangolowa m'dzenjemo chimanga chonse chiola, ndiye mwezi wa njala tidzadya chiyani? Ndawapempha, ndanyengerera, ndawamana tiyi. Ayi ndithu. Wailesi ikunena za chipwirikiti cha masankho m'mizinda, matayala akuyaka m'misewu. Iwo kungondiyang'ana. Bola akanati ndinakuuza.

12 Novembulo
Foni ya Osvaldo siikulowa. Kupemphera korona basi.

19 Novembulo
Osvaldo wafika pa minibasi ya chapa, iye, mkazi wake Shyreen ndi khanda. Zikomo Ambuye. Koma waonda, maso alowa, nthabwala zonse zija zii. Shyreen wandinong'oneza kuti mnzake wa Osvaldo wa pa ntchito anawomberedwa ali pambali pake, sanadzukenso.

Masana pakhonde Osvaldo akuti, "Ababa, munkanena zoona. Mawa mukandionetse dzenje lija, ndikumbe langa pafupi."

Ndimati a Marko anyadira, poti apambana mkangano wa zaka zonsezi. Angodzuka, kuseri kwa nyumba. Ndawapeza atatsamira khoma, misozi chuchuchu, munthu amene sanalire ngakhale pa maliro a mayi ake. "Ndinkafuna azindiseka mpaka ndife, Ernestina. Tinabwerera zomwezo kuno." Ndangowagwira dzanja. Nanenso misozi yanga inali itayamba kale.

20 Novembulo
Kutacha, njinga palibe. Dzuwa litakwera, awo a Marko akubwera akuikankha, thumba kumbuyo, dothi mpaka m'tsitsi. Akhuthulira m'nkhokwe, yomweyi ya m'mbali mwa msewu imene aliyense wodutsa amaiona. Osvaldo wathamanga kuti apite nawo ulendo wachiwiri. Amukaniza ndi mawu amene sindinawamvepo: "Njira ya kumeneko iwe sudzaidziwa. Khala pano, ukonze denga la nkhokwe."

Thumba limodzi layamba kununkha chuku, enawo ali bwino. Mantha sanawathere ayi, ndikuwaona ine. Galimoto ikangolira kumsewu amaima chilili, kenako n'kugwiranso njinga.

Osvaldo ali pamwamba ndi udzu, akuti njinga ya bambo ake ndi yokalamba kuposa mwini wake. Mawu akadali ogwa, komabe wanena. A Marko amuloza ndi ndodo.

Apitanso. Mvula yayamba kuwaza. Awo pa mtunda, akutsimphina, alibe ndi chipewa chomwe. Nditenge lona ndikawachingamire, nkhalamba yanga youma mutu, asanandidwalire.