Botolo Lobiriwira la Kudenga

Loweruka, 11 Marichi

M'mawa wopanda dzuwa. Mitambo yatsika mpaka pa migwalangwa. Mphepo yofunda yochokera ku Mozambique, yosaleka. Achule kudambo akulira ngati kwada, chonsecho kwangocha. Mtsinje wa Ruo ukumveka mpaka pakhomo. Masiku ena sumveka. Wailesi ya aneba: namondwe, namondwe.

Ndakathyola masamba a gwafa a timitengo tanga. Tilipo tiwiri, Ndodo ndi Chikuni. Maina anapereka ndi Pempho, mlongo wanga wa Sitandade 1. Tizilombo tatitali kuposa chala, tofiirira, miyendo ngati udzu wouma. Wosadziwa angati ndi tinthambi. Ukatiuzira mpweya timagwedezeka. Pempho amaseka mpaka kukhala pansi. Alibe anzake ambiri. Tafanana.

Timakhala m'chidebe chobooka chovindikira ndi chidutswa cha neti, kuseri kwa bafa. Baba akuganiza kuti ndinatiwotcha. Mwezi watha anati, "Mbuzi ikameza kameneko pamodzi ndi msipu imatupa mimba n'kufa. Pamoto!" Aphunzitsi a Bayoloje akuti si zoona. Koma mbuzi ndi za Baba, si za aphunzitsi.

Ndodo amagwetsa mazira, timbulumbulu ngati njere za mapira. Ndimatola n'kuika m'botolo lobiriwira la zakumwa, ndi mchenga pang'ono. Chotsekera ndinachiboola ndi singano. Botolo ndinalipachika kudenga, pakati pa mabotolo a mbewu a Mama. Makoswe safikako. Palibe amene amaliyang'ana kawiri.

Lolemba, 13 Marichi

Sukulu kulibe. Mvula chiyambire dzulo. Madzi afika pamsika wa Makhanga, ofiira, onyamula mapesi ndi nkhuku zakufa. Baba akhoma chikhomo pabwalo kuti aziona mmene akukwerera. Chikhomo chamira tisanadye.

Chidebe ndachimangirira pamwamba mumtengo wa gwafa. Pempho wandifunsa ngati timitengo timasambira. Ndati eya. Bodza.

Lachitatu, 15 Marichi

Pamsasa, m'kalasi ya sukulu ya kumtunda. Mabanja ambiri chipinda chimodzi. Fungo la zovala zonyowa ndi ana odwala.

Tinachoka dzulo kutacha pa mwadiya, bwato la amalume a Limbani, achimwene awo a Mama. Madzi anali m'chiuno m'nyumba. Mama anathothola mabotolo kudenga, kuponya m'thumba la feteleza, kumanga kukamwa. Mbuzi Baba anazikweza pansanja. Gwafa ankangooneka nsonga. Chidebe sindinachione. Sindinayang'ane bwino, mwadala.

Amalume ankapalasa akuseka, akuti Fanizo iwe khala pakati, ng'ona za kuno sizidya ana a sukulu, zimati mafupa okhaokha. Palibe anaseka.

Madzulo ano Baba ayamba. Akuti potuluka anaona botolo limodzi latsala kudenga, lobiriwira. Mbewu ya mapira awo ilinso m'botolo lobiriwira. Mapira aja a makolo, anakawatenga kwawo kutsidya, sapezeka m'sitolo. Madzi akaphwa anthu kuno amadzala pamatope pomwepo. Wopanda mbewu amangoonerera. Mama ati mwina ndinaliphonyadi, kunali mdima m'nyumbamo. Thumba lili pansi pa mulu wa katundu wa anthu kuofesi ya ahedi, yokhoma.

Ine ndikudziwa botolo limene latsala. Ndinaliona potuluka, lili pamene ndinapachika la mazira.

Lachinayi, 16 Marichi

Apita. Baba ndi amalume.

Ndinawatsatira mpaka pomwe madzi ayambira. Mawu anali pakamwa penipeni. Ndinati, Baba, botolo lija. Anatembenuka ndi nkhope ija. Ndinaona moto uja anandituma, ndinaona lamba. Ndinangoti, mwina likhoza kudikira. Iwo anati, "Matama! Njala idzakudikira iwe?"

Amalume anati akaonenso mbuzi, abwera dzuwa lisanapendeke. Baba anati mbuzi zili pansanja, iwo akufuna mapira basi.

Dzuwa lapendeka. Lalowa. Ayi ndithu.

Lachisanu, 17 Marichi

Ayi.

Phala la m'mawa sindinamwe, ndapatsa Pempho. Tsiku lonse ndaima m'mphepete mwa madzi. Chilichonse chakuda chimene chikubwera ndi mwadiya, mpaka chifike pafupi. Chitsa. Ng'ombe yotupa. Chitseko cha munthu.

Anthu akuti Ruo wapatuka, watsegula njira yatsopano pakati pa minda, ndipo pamenepo madzi akuzungulira. A Esinala, akazi a amalume, akhala pakhonde ndi mwana kumsana, maso kumadzi. Andipatsa mbatata yootcha, akuti idya mwanangu, waonda. Ndaiika m'thumba osadya.

Ahedi atsegula ofesi masana kuti anthu ayanike katundu. Mama amasula thumba. Chimanga, nyemba, chitowe, maungu. Kenako botolo lobiriwira. Mapira. Odzaza mpaka kukhosi, osakaniza ndi phulusa monga amachitira.

Analigwira nthawi yaitali. Anati, "Nanga abambo ako atsatira chiyani?"

Pempho ndi amene anayankha. Mosangalala, ngati m'kalasi. Mazira a Ndodo!

Ndanena zonse. Chidebe, gwafa, singano. Ndimayembekeza mbama. Ikanakhala bwino mbama. Mama anangoyang'ana kukhonde kumene kunali a Esinala, n'kunena motsitsa kuti, "Izi zisatuluke pakamwa pako. Kapena pako, Pempho." Botolo la mapira alibisa m'chitenje.

Lamulungu, 19 Marichi

Mapemphero pansi pa mtengo. Anatchula maina a osowa. La Baba analitchula molakwika, Mama anakonza mokweza.

Boti la injini la opulumutsa anthu linabwera kawiri. Ulendo woyamba amayi ndi ana a kumudzi wina. Wachiwiri nkhalamba imodzi ndi thupi lokutidwa ndi lona. Ndinayang'ana mapazi. Si a Baba. Baba chala chachikulu chakumanja chilibe chikhadabo. Ndinasangalala, kenako ndinachita manyazi, chifukwa mapaziwo ndi a bambo wa wina.

Ndinapempha woyendetsa boti kuti akaone kwathu. Ndinamujambulira pansi: msika, mpingo, gwafa, migwalangwa. Anati, "Mphwanga, kumeneko kulibe msika, kulibe mpingo. Ndi nyanja." Komabe anayang'anitsitsa chojambulacho asanachiponde.

Pempho wasiya kufunsa za Ndodo. Tsopano akufunsa ngati Baba amasambira. Ndati eya. Izi ndi zoona. Koma si m'madzi awa.

Ndikatseka maso ndikuona dzanja lawo likufikira kudenga. Mawu ochepa chabe akanakwana. Si mapira, Baba. Basi.

Lolemba, 20 Marichi

Ndimaopa a Esinala kuposa madzi. Akandiyang'ana ndimaona ngati adziwa. Lero anandiitana kuti ndiwagwirire mwana akachape. Mwanayo ali ndi mphumi ya amalume. Anandigwira chala osasiya.

Mayeso a teremu akuti asunthidwa. Ndani akusamala.

Lachitatu, 22 Marichi

Apezeka. Amoyo. Onse awiri.

Ndilembe bwinobwino. Boti linawapeza dzulo mumtengo wa mtondo, kumunsi kwa minda yathu. Mwadiya unagubuduzika pobwerera, pamalo ozungulira paja. Masiku onsewa mumtengo, atadzimangirira ku nthambi ndi malaya. Kumwa madzi a mvula. Kukuwa usana wonse.

Awatengera kuchipatala. Baba mwendo watupa, unabayidwa ndi lata. Amalume sakutha kuyankhula, mawu anathera mumtengo. A Esinala anagwa pansi n'kuyamba kulira tsopano, masiku onsewa asanalirepo.

Woyendetsa boti anandiona. Anati chojambula chako chija chinalakwika, koma migwalangwa inalipo. Anatinso mdala wako ndi wouma mutu, wakana kusiya botolo, walimangirira pamimba.

Ndiye ali nalo. Kaya analitsegula.

Mantha aja atha. Abwera ena.

Loweruka, 8 Epulo

Kwathu. Tafika dzana. Matope mpaka m'mawondo, ouma pamwamba, pansi phala. Khoma la kummawa linagwa. Denga lilipo. Gwafa anapendekeka, chingwe chili pomwepo, chidebe palibe.

Baba anatuluka m'chipatala dzulo, akuyenda ndi ndodo. Sanandiyang'ane. Mama anawaonetsa botolo la mapira. Anangogwedeza mutu, ngati nkhani yakale.

Madzulo amalume anabwera, mawu akadali osasa. Ndinali kuseri kwa khoma, ndinamva. Akuti tsiku lachitatu njala itawapweteka, Baba anati basi mlamu, titafune mbewuyi, kudzala n'kwa amoyo. Anatsegula. "Mapira ake anali ndi miyendo, achemwali! Akuyenda!" Amalume anaseka mpaka kutsokomola. Akuti iwo anati tayani, Baba anakana. Ankathyola timasamba ta mumtengomo n'kumaponyamo. Akuti panalibenso china chochita, ndipo munthu ukamayang'ana madzi okhaokha umafuna kudziponyamo.

A Esinala sanaseke. Anafunsa kuti mwadiya wina auona kuti. Amalume alibe munda, ali ndi mtsinje basi.

Lero m'mawa ndapeza botolo lapachikidwa kudenga, malo ake akale. Ndinakwera pampando. Tambiri tinafa. Tina tamoyo, tating'ono ngati ulusi, tagwira katsamba katsopano ka gwafa. Sindinaikemo ine. Pempho akuti si iye, safikira.

Amene tabwerera pakhomo pano: Mama. Pempho. Ine. Baba, ndi mwendo umodzi wabwino. Amalume a Limbani abwerera kwawo, mwadiya wawo ayi. Mbuzi imodzi, inapezeka pachulu, zinazo ayi. Nkhuku ayi. Aneba a wailesi aja sanabwerebe, ndipo palibe akudziwa. Ndodo ndi Chikuni ayi. Ana awo, ochepa.

Mawa tikadzala mapira pamatope. Kenako ndikayamba kupita ndi amalume kukafuna mtengo wosemera mwadiya wina, Mama atero, ndipo sindinafunse kuti sukulu bwanji.

Baba ali pakhonde. Aitana dzina langa, koyamba chibwerere. Akuti ndibwere ndi botololo. Lamba sanavale, ndayang'ana. Akuitananso