Ng'oma ya Maliro Yolira Lachitatu

Maramba, Livingstone
14 Ogasiti 2024

Okondedwa alongo anga a Florida,

Ndikhulupirira muli bwino kumudzi ku Katete. Akundilembera ndi Norah, mpongozi wanga, ndipo ndamuuza kuti asakongoletse mawu anga.

Mukuikumbukira ng'oma ya maliro ija bambo anandipatsa pobwera kuno? Zaka zonsezi wakwathu akamwalira m'Maramba ndinkaiyimba ndine, anthu n'kusiya malonda pamsika kuthamangira kusiwa.

Tsono mwana wanga Prince ndi anzake anayambitsa kopaletivu. Amanga timakumbi taudzu pafupi ndi msewu wa kumathithi, azungu amalipira pakhomo kuti aone mmene timasinjira ndi kuvinira. Akuti ndicho chitukuko. Atandipempha kuti ndiziyimba ng'omayo kumeneko, ine ndinakana. Prince n'kuti, "Batate, iyi ni bizinesi. Bazungu bafuna vintu va zoona, osati va pulasitiki." Ndinati ng'oma imeneyi siyilira popanda mtembo. Iye n'kuseka, "Nanga mtembo uzagula malata?"

Malatawo anagulidwadi, alongo, nyumba sikudonthanso. Choncho Lachitatu lililonse ndimaiyimba pamaso pa azungu. Musati anandigonjetsa ayi, ndinangoona kuti anyamatawo angaiwononge ndi manja awo osadziwa.

Tsiku loyamba amayi a pamsika anafika akulira, zitenje m'chiuno, poganiza kuti wafa ndine. Anandipeza wamoyo, mzungu akundijambula. Anatukwana, kenaka anazolowera.

Mwezi wathawu a Fackson, mnzanga uja tinakwera naye sitima limodzi pobwera, anatisiya. Ndinaiyimba ng'oma pakhomo pawo mpaka manja kutupa. Palibe anabwera. A Mutinta ogulitsa kapenta anandiuza pambuyo pake kuti, "Ba Wilfred, tinamva, koma tinayesa muli na bazungu banu." Anthu anasonkhana Prince atalengeza pa foni.

Ndiye mutu wanga wazungulira. Ng'oma ndi yomweyo, chikopa chomwecho, manja omwewa. Chasintha n'chiyani? Prince akuti foni imafika kutali kuposa ng'oma, ndiye palibe chatayika. Mwina akunena zoona. Koma bwanji ndikagona pansi pa malata amenewa tulo sitibwera? Ine sindinalakwe, zimenezo ndikudziwa. Chokhacho sindikudziwa amene walakwa.

Mupereke moni kwa alamu ndi adzukulu onse. Norah walemba nambala ya Prince m'munsimu. Muisunge bwino, alongo. Tsiku langa likadzakwana ng'oma siidzaitana munthu, choncho foniyo ikadzalira, chonde mudzayankhe.

Ndine mlongo wanu,
Wilfred Mbewe